Katemera Akachepa, Ayambe Ndani?

Chakudya chikachepa m'nyumba, mayi wanzeru sayamba kugawira mwana amene akulira kwambiri, koma amene wafooka. Nzeru imeneyi ndiyo imene dziko la Malawi linayesa kutsata pamene katemera wa Covid-19 wa AstraZeneca wokwana 360,000 anafika pa 5 Malichi 2021 kudzera mu ndondomeko ya COVAX. Poti munthu aliyense anayenera kubayidwa kawiri, katemerayu sakanakwanira ngakhale anthu a mumzinda wa Blantyre wokha.

Tsono boma linaika patsogolo ogwira ntchito m'zipatala, okalamba, ndiponso odwala matenda onga a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Pamenepa panalibe chotsutsa: namwino akagona pamphasa, odwala adzasamalidwa ndi yani?

Komabe amene anapinda malaya poyera ku Zomba pa 11 Malichi sanali namwino ayi. Anali Lazarus Chakwera, Pulezidenti wa nthawi imeneyo. Wina angadandaule kuti akuluakulu anayamba kudzigawira okha, koma dandaulo lotere ndi lopepuka. Iwo anali ndi zaka 65, motero anali kale m'gulu la okalamba. Kuwonjezera apo, masiku amenewo mphekesera zinali zitafala m'midzi ndi m'matauni momwe, zonena kuti katemerayu amalepheretsa kubereka, kapena kuti ndi chizindikiro cha chilombo. Kusankha oyamba mwachilungamo n'kovuta ndithu, koma kuwakopa kuti abwere kunavuta koposa, ndipo gogo wamantha sakopeka ndi chikalata cha boma. Amafuna kuona wina atabayidwa n'kudzuka wamoyo m'mawa mwake.

Kumapeto kwa mwezi womwewo kunafika katemera wina wokwana 102,000 wochokera ku African Union, amene mphamvu yake inali yoti ithe pa 13 Epulo. Mlandu pamenepa si wa okayika okha, pakuti mphatso yofika mochedwa chotere imasiyira woilandira masabata osakwana atatu. Ambiri anabayidwa, koma katemera 19,610 anatsala.

Pa 19 Meyi katemera wotsalayo anatenthedwa pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, atolankhani akuona, ndipo nduna ya zaumoyo, a Khumbize Chiponda, analipo. Anthu ambiri anali asanalandire, ndipo utsi umenewo unali wowawa kuuona. Boma linasankha kutaya katemerayo poyera, kuopa kuti anthu angathawe zipatala poganiza kuti akubayidwa mankhwala otha mphamvu.