"Leguaan" ndi ng'azi yomwe timaidziwa

Ogwira ntchito m'zipata za dziko lino ayenera kudziwa kuti mawu akuti "leguaan", omwe amapezeka m'Chingerezi cha ku South Africa, amatanthauza ng'azi.

Mawuwa adachokera ku Chidatchi, momwe amatanthauza iguana, buluzi wamkulu wa ku America. Adatchi omwe adayamba kukhazikika ku Cape mu 1652 adapatsa ng'azi dzinali ngakhale kuti nyamazi nzosiyana.

Ng'azi ya m'madzi, Varanus niloticus, imapezekanso m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malawi. Imatha kutalika mamita awiri ndipo imadya mazira a ng'ona.

Nyamayi ili pamndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, choncho chikopa chake sichiyenera kutuluka m'dziko popanda chilolezo, kaya pachikalata palembedwa dzina liti.