Tiwakumbukire Bwanji Asilikali Akale?

Eklezia adaupatula mwezi wa Novembala kuti tizipempherera abale athu amene adatsikira kuli chete. Pa 2 Novembala timalambula kumanda ndi kuwaza madzi odalitsa. Koma m'mwezi womwewu muli tsiku lina limene ambirife timangolimvera pa wailesi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idaleka pa 11 Novembala 1918, ndipo chifukwa cha ichi, Lamulungu loyandikana ndi tsikulo, mtundu wathu umakhala chete mphindi ziwiri kukumbukira asilikali, nkhata za maluwa n'kuikidwa pa chipilala cha ku Zomba. Pa 11 pomwepo Eklezia amalemekeza Martino Woyera wa ku Tours, amene nayenso adali msilikali asanakhale episkopi.

Ana athu a ku Ndirande ndi ku Bangwe akamva dzina loti Keyala sadziwanso tanthauzo lake. Ndi gulu lankhondo la King's African Rifles, limene mbali yake ya kuno idasanduka Malawi Rifles mu 1964. Pa nkhondo yachiwiri anyamata a kwathu kuno adalimbana ndi Ataliyana ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, adawolokera ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 adafika ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kumene mvula, matope ndi malungo zidawazunza monga adani enieni. Ena adatumidwanso ku Malaya mu 1952. Si onse amene ntchito yawo idali ya mfuti. Ankhondo sangayende popanda oyendetsa malole, amakaniko ndi amisiri a milatho, ndipo ambiri adabwera kwawo ndi luso m'manja.

Ndikunena za anthu onga mkulu wina wa ku Chilomoni amene tidamuika zaka zapitazo. Dzina ndilisunga, abale ake akumudziwa. Kukonza injini adakuphunzirira kunkhondo. Atabwerako adagwira ntchito ya zitsulo kunjanji, ku Limbe, nakwera pang'onopang'ono mpaka anzake ankamutcha injiniya. Atapuma pa ntchito sadakhale pakhonde kudikira penshoni. Mpope wa m'dera ukadontha, ankatulukira ndi sipanala m'thumba. Denga la tchalitchi likayamba kudontha, ndiye ankayeza mitengo ndi kulangiza achinyamata pokhoma malata. Ngalande za mvula ankazikumbitsa mwezi wa Okutobala, anthu akumuseka kuti kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Inu amene mudaona zimene madzi adachita ku Chilobwe ndi ku Ndirande pa namondwe wa Freddy mu 2023, mukudziwa kuti nkhalambayo sinkasewera.

Komabe za ku Burma sankakamba. Mayi a kunyumba kwake okha ndiwo ankadziwa kuti usiku wina ankadzidzimuka akufuula, ndi kuti padali zaka zimene kachasu adatsala pang'ono kupasula banja lawo.

Tsono apa ndi pamene ife timalakwa. Pamaliro timawerenga mbiri ya malemu ngati tikulengeza woyera watsopano: mamendulo, maudindo, zimene adamanga. Zonsezo n'zoona, koma tikamutama chotere timachoka kumanda tikuganiza kuti sakusowanso kanthu, ndipo timaleka kumupempherera. Malembo Oyera akutiphunzitsa njira ina m'buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12. Yudasi Makabeo, potola mitembo ya asilikali ake, adapeza kuti m'kati mwa zovala adabisa zithumwa za mafano, zimene Malamulo ankaletsa. Sadabise tchimolo, ndipo sadawataye anthuwo. Adasonkhetsa ndalama zasiliva 2,000 nazitumiza ku Yerusalemu kuti akaperekere nsembe yowapepesera, pakuti ankakhulupirira kuti akufa adzauka. Pamenepa ndi pamodzi mwa pamene Eklezia amatsamira pophunzitsa za Purigatorio.

Munthu amene adatumidwa kukapha ali mnyamata wosakwatira, pa nkhondo imene sadaiyambe ndiye, amasenza katundu amene ife sitingamuyeze. Ine ndikhulupirira kuti mipope ndi madenga aja idali njira yake yopepesera. Koma chipulumutso sitichigula ndi sipanala, ndi mphatso ya Ambuye Yezu, ndipo n'chifukwa chake wakufa amasowa nsembe ya Misa koposa mawu oyamikira.

Akatekisiti, ndikukupemphani kuti sabata ino muyende m'miphakati yanu. Funsani mabanja amene adali ndi agogo ku Keyala, mulembe maina awo, gulu lawo ndi kumene adapita, kaya adali Akatolika kaya ayi. Kumene mayi wamasiye akali moyo, khalani pansi mumve, osafulumira, mutengenso mdzukulu mmodzi kuti amve nawo. Mainawo muwapereke kwa bambo mfumu lisanafike Loweruka, kuti tidzawatchule pa Misa ya Lamulungu.