Mario Molina: mwana wa ku Mexico amene adachenjeza dziko za chiboo cha kumwamba

Pa 16 Seputembala chaka chilichonse anthu a ku Mexico amakondwerera ufulu wa dziko lawo. Tsiku lomwelo maiko onse amakumbukira pangano loteteza mpweya wa ozoni, lomwe lidasainidwa mumzinda wa Montreal ku Canada mu 1987. Masiku awiriwa adangokumana pakalendala, komabe pali munthu mmodzi amene amawalumikiza. Iyeyu ndi Mario Molina, katswiri wa sayansi wobadwira ku Mexico City, yemwe kafukufuku wake ndiye adatsekula njira ya panganoli.

Ntchitoyo adaigwira ali ndi zaka 30 zokha, pasukulu ya sayansi ya yunivesite ya California ku Irvine, m'dziko la America. Ngati pakhomo panu pali firiji, kapena mudagulako mankhwala opopera udzudzu, nkhani yakeyi ikukukhudzani ndithu.

Mwezi wokumbukira anthu a Chisipanishi

Ku America, kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Okutobala ndi nyengo yokumbukira mbiri ndi chikhalidwe cha anthu omwe makolo awo adachokera ku Spain ndi maiko olankhula Chisipanishi monga Mexico, Cuba, Colombia ndi Peru. Kumeneko amawatcha kuti Hispanic. Mwambowu udayamba mu 1968 ngati wa sabata imodzi, pa ulamuliro wa Lyndon Johnson, ndipo mu 1988 Ronald Reagan adasaina lamulo louwonjezera kufika mwezi wathunthu. Adasankha tsiku la 15 Seputembala chifukwa ndi pomwe Costa Rica, El Salvador, Guatemala, Honduras ndi Nicaragua amakondwerera ufulu wawo.

Anthuwa ndi ochuluka zedi. Kalembera wa 2020 adapeza kuti ku America alipo oposa 62 miliyoni, kutanthauza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse ndi wa gulu limeneli. Nyengoyi ikafika, mayunivesite amaonetsa zomwe ophunzira ndi aphunzitsi a mtunduwu achita, ndipo kumbali ya sayansi dzina la Molina silisowa.

Labotale ya m'bafa

Mario adabadwa mu 1943. Bambo ake anali loya, ndipo pambuyo pake adadzakhala kazembe wa Mexico ku Ethiopia, Australia ndi Philippines. Ali mwana, Mario adatenga bafa lina la m'nyumba mwawo lomwe silinkagwira ntchito kwenikweni n'kulisandutsa labotale. Ankakhala m'menemo maola ambiri ndi timabotolo take komanso kachipangizo koonera tizilombo tosaoneka ndi maso. Makolo ena akadangoti mwanayu watha nzeru, tulukamo msanga. Kwawo sadatero. Azakhali ake a Esther Molina, omwe adaphunzira kemisitiri, ndi amene ankamuthandiza kuyesa zinthu zovutirapo, zofanana ndi zomwe amachita ophunzira a chaka choyamba kukoleji.

Atakwanitsa zaka 11 adamutumiza kusukulu yogonera konko ku Switzerland kuti akaphunzire Chijeremani, chinenero chomwe nthawi imeneyo ankati n'chofunika kwa aliyense wofuna kuzama pa kemisitiri. Ankakondanso kuimba vayolini, moti adaganizirapo zodzakhala woimba, koma sayansi idapambana. Digiri yoyamba adaitenga ku yunivesite yaikulu ya dziko lawo, UNAM, mu 1965. Adapitiriza maphunziro ku Freiburg ku Germany, kenako mu 1972 adamaliza digiri ya udokotala ku Berkeley, ku California.

Kafunso kooneka kachibwana

Mu 1973 Molina adalowa gulu la kafukufuku la Pulofesa F. Sherwood Rowland ku Irvine. Yunivesiteyi inali yatsopano, poti idatsekulidwa mu 1965, ndipo Rowland ndiye anali mkulu woyamba wa nthambi ya kemisitiri. Pa mitu ingapo yomwe Rowland adamupatsa kuti asankhepo, Molina adatenga wofufuza za mpweya wotchedwa CFC.

Ma CFC adayamba kupangidwa cha m'ma 1930 ndipo aliyense ankawatamanda. Mafiriji akale ankagwiritsa ntchito mpweya woopsa monga amoniya, womwe ukatuluka unkatha kupha anthu m'nyumba. Ma CFC sayaka moto, alibe poizoni, ndipo sasakanikirana ndi zinthu zina. N'chifukwa chake adalowa m'mafiriji, m'makina oziziritsa m'nyumba ndi m'galimoto, m'zitini za mankhwala opopera komanso popanga masiponji. Wasayansi wa ku Britain James Lovelock anali atapeza kuti mpweyawu ukupezeka ngakhale pakati pa nyanja, kutali ndi mafakitale. Funso la Rowland ndi Molina linali lakuti: nanga ngati palibe chouwononga, umathera kuti?

Patangotha miyezi yochepa yankho lidapezeka, ndipo linali lochititsa mantha. Poti mvula siusungunula ndipo palibe chimene chimauphwanya pansi pano, mpweyawu umakwera pang'onopang'ono mpaka kumtunda kwenikweni. Pamtunda wa makilomita 15 mpaka 35 kuchokera pansi pali mpweya wa ozoni, womwe umagwira ntchito ngati sefa, kutchinga gawo lalikulu la cheza choopsa cha dzuwa chotchedwa UV. Ma CFC akakwera m'mwamba muja, chezacho chimawaphwanya ndipo mumatuluka klorini. Kachidutswa kamodzi ka klorini kamaswa ozoni, kenako kamamasuka n'kukaswanso wina, mobwerezabwereza, mpaka kuwononga tizidutswa ta ozoni pafupifupi 100,000. Choipanso n'chakuti ma CFC amatha kukhala mumlengalenga zaka 50 mpaka 100.

Sefayo ikachepa mphamvu, cheza chochuluka chimafika pansi. Zotsatira zake ndi khansa ya pakhungu, ng'ala m'maso, kuonongeka kwa mbewu komanso kufa kwa tizamoyo ta m'nyanja tomwe nsomba zimadya.

Sadakhale chete

Zomwe adapezazi zidatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature mu Juni 1974, koma anthu sadatekeseke nazo. Apa awiriwa adachita zomwe asayansi ambiri a nthawi imeneyo sankazikonda. Mu Seputembala chaka chomwecho, pamsonkhano wa akatswiri a kemisitiri ku Atlantic City, adakumana ndi atolankhani n'kupempha poyera kuti ma CFC aletsedwe. Adakalankhulanso pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya America.

Makampani opanga mpweyawu, monga DuPont, adatsutsa mwamphamvu kuti palibe umboni weniweni. Bizinesiyo inali ya ndalama zambiri ndipo inkalemba anthu ochuluka ntchito, ndiye kuti mnyamata wongoyamba kumene ntchito anene kuti itsekedwe, zinali ngati kuputa mavu pachisa. Komabe mu 1976 bungwe lalikulu la asayansi ku America, National Academy of Sciences, lidavomereza kuti chenjezolo lili ndi maziko, ndipo mu 1978 dzikolo lidaletsa ma CFC m'zitini zopopera.

Umboni woti aliyense auone udabwera mu 1985. Akatswiri atatu a ku Britain, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin, adalengeza kuti ozoni wachepa modetsa nkhawa pamwamba pa Antarctica. Ichi ndi chomwe chidatchuka kuti chiboo cha ozoni. Molina, pamodzi ndi mkazi wake wa nthawiyo Luisa Tan Molina, yemwenso ndi katswiri wa kemisitiri, adathandiza kulongosola momwe klorini amaonongera ozoni mofulumira chotere m'malo ozizira kwambiri. Patatha zaka ziwiri pangano la Montreal lidasainidwa, ndipo lero maiko onse a m'bungwe la United Nations ali momwemo.

Mphoto ziwiri chaka chimodzi

Chaka cha 1995 sichidzaiwalika ku Irvine. Rowland adalandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri pamodzi ndi Molina, yemwe panthawiyo anali akuphunzitsa ku MIT, komanso Paul Crutzen wa ku Netherlands. Chaka chomwecho mphunzitsi winanso wa sukulu ya sayansi yomweyo, Frederick Reines, adalandira Nobel ya fizikisi chifukwa chotulukira kanthu kakang'ono kwambiri kotchedwa neutrino. Lero nyumba ziwiri za pasukulupo zimadziwika ndi maina awo, Rowland Hall ndi Reines Hall. Mu 2021 David MacMillan, yemwe adachita digiri yake ya udokotala pomwepo, adalandiranso Nobel ya kemisitiri.

Molina adakhala munthu woyamba wobadwira ku Mexico kulandira Nobel ya kemisitiri. Gawo lalikulu la ndalama za mphotoyo adalipereka kuti lithandize asayansi achinyamata a m'maiko osauka kuchita kafukufuku wa zachilengedwe. Adakhazikitsanso bungwe lofufuza za mpweya woipa ndi kusintha kwa nyengo ku Mexico City. Mu 2013 Barack Obama adamuveka mendulo yapamwamba kwambiri yomwe America imapereka kwa anthu wamba. Adamwalira pa 7 Okutobala 2020 ali ndi zaka 77.

Zikutikhudza bwanji kuno?

Malawi nawo ali m'pangano la Montreal. Maiko omwe akutukuka kumene adapatsidwa mpaka 2010 kuti asiye ma CFC, n'chifukwa chake mafiriji atsopano amabwera ndi gasi wamtundu wina. Alimi a fodya achikulire akukumbukira mankhwala a methyl bromide omwe ankathira panazale pofuna kupha tizilombo ta m'nthaka. Nawonso adachotsedwa kudzera m'pangano lomweli chifukwa amaononga ozoni. Mu 2016 maiko adakumana ku Kigali ku Rwanda n'kugwirizananso zochepetsa ma HFC, omwe adalowa m'malo mwa ma CFC koma amawonjezera kutentha kwa dziko.

Kwa abale athu achialubino, omwe khungu lawo limapsa msanga ndi dzuwa, nkhani ya cheza cha UV ndi ya moyo ndi imfa. Zikadapitirira momwe zinkayendera m'ma 1970, dzuwa lathuli likadakhala loopsa kuposa pano. Lipoti la akatswiri a United Nations lomwe lidalengezedwa mu 2023 likuti ozoni akubwerera mwakale, ndipo madera ambiri adzakhala atachira pofika 2040, pomwe ku Antarctica adzadikira mpaka cha m'ma 2066.

Omwe akubwera m'mbuyo

Mu 2017 yunivesite ya Irvine idazindikiridwa ndi boma la America ngati sukulu yotumikira ophunzira a Hispanic. Kuti sukulu ilowe m'gulu limeneli, mwa ophunzira anayi alionse a digiri yoyamba, mmodzi ayenera kukhala wa mtunduwu. Ambiri mwa iwo ndi oyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite, ndipo makolo awo ena amagwira ntchito m'minda, m'mafakitale ndi m'malo odyera. Chaka chomwecho bungwe la akatswiri a kemisitiri ku America lidalemekeza sukuluyi poika ntchito ya Rowland ndi Molina pamndandanda wa zinthu zosaiwalika m'mbiri ya kemisitiri.

Molina adabadwira m'banja lopeza bwino, zimene ana ambiri alibe. Koma chomwe chidamuyambitsa ulendowu sichidafune ndalama zambiri: kachipinda kopanda ntchito ndi azakhali omwe adakhala naye pansi n'kumamuyankha mafunso. Inu makolo, mwana akamamasula wailesi yakale kapena kufunsa chifukwa chake mchere umasungunuka m'madzi, musafulumire kumukalipira. Ngati yankho simukulidziwa, mutengereni kwa mphunzitsi wa sayansi kapena kwa achimwene amene amakonza mafiriji pamsika, akamuonetse momwe gasi amayendera m'mapaipi.