Mbale ya galamafoni kapena memori khadi: chingatisungire nyimbo nchiti?

Mwezi wathawu bambo wina wachikulire wa m'mphepete mwa phiri la Tumbine anafika kuno ku wailesi atanyamula mbale zisanu ndi ziwiri za galamafoni m'kathumba. Iwo anati anazigula ali mnyamata pomwe ankagwira ntchito ku Harare, nthawiyo kukutchedwa Salisbury, ndipo anathawa nazo kupita ku Mulanje pamene nkhondo inalowa m'tauni ya Milange m'chaka cha 1986. Pempho lawo linali loti angomvako nyimbozo kamodzi asanatsikire kuli chete.

Tinabwereka makina oimbira mbale kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Mbale imodzi inali yopindika, ina yong'aluka, koma zisanu zinaimba bwinobwino ngakhale zinali kuthetheka ngati chimanga chokazinga. Sabata yomweyo memori khadi yanga, momwe munali nyimbo zoposa 2,000, inangoti zii, osatsekukanso. Apa mpamene ndinayamba kudzifunsa kuti kodi pa ziwirizi chokhalitsa nchiti, nanga chomveka bwino nchiti?

Tiyambe ndi kamvekedwe. Pa mbale, mau amasungidwa m'kanjira kakang'ono kokhotakhota komwe kamazungulira kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Singano ikamayenda m'kanjirako imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko kumasanduka nyimbo. Mbale zazikulu zozungulira ka 33 pa mphindi zinayamba ndi kampani ya Columbia m'chaka cha 1948, pomwe zazing'ono zozungulira ka 45 zinabwera ndi RCA Victor mu 1949. Popeza singano imakhudza mbale, fumbi lililonse ndi kukandika kulikonse zimamveka. Okonda mbale amati mau ake ndi onona, ndipo sitingawatsutse, koma walira mvula walira matope: wofuna kunonako alandirenso kuthethekako.

CD, yomwe makampani a Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, imagwira ntchito mwa njira ina. Mau amayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse nkusungidwa ngati manambala, ndipo amawerengedwa ndi kuwala popanda chokhudza. Nchifukwa chake CD yosamalidwa imamveka chimodzimodzi lero ndi mawa, popanda phokoso lapansipansi. Kunena chilungamo, pa nkhani ya mau oyera CD imaposa mbale.

Koma nyimbo zomwe achinyamata amalowetsa m'mafoni pa msika wa Milange kapena pa chipata cha Muloza zambiri ndi za MP3, njira yomwe akatswiri a ku Fraunhofer m'dziko la Germany anathandiza kukonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. MP3 imataya mbali ya mau yomwe khutu silimva kwenikweni ncholinga choti nyimbo ichepe, nthawi zina mpaka kakhumi. Ikafinyidwa mosamala kusiyana kwake nkovuta kukumva, koma ikafinyidwa kawiri katatu ng'oma imaphwa ndipo gitala amalira ngati chitini. Tsono tisamati zamakono zonse nzomveka bwino, kapena kuti zonse nzoipa.

Nanga kukhalitsa? Mdani wamkulu wa mbale ndi kutentha. Mukaisiya padzuwa, kapena kuisanjikiza chogona pansi pa denga la malata mwezi wa Okutobala, imapindika. Singano yotha nayo imadya kanjira kaja. Mbale zakale kwambiri zozungulira ka 78 zimasweka zikagwa ngati mbale yadothi. Komabe mbale yoimikidwa chilili pamthunzi imatha zaka makumimakumi, ndipo ikakandika mumataya kachigawo chabe ka nyimbo.

CD ndi chikomekome cha mkuyu. Imanyezimira, koma ikakandika kwambiri imadumphadumpha, ndipo zija zojambulidwa pa kompyuta zimafufuma ndi dzuwa mpaka osawerengekanso. Memori khadi ndi fulashi zimasunga manambala aja ndi timphamvu ta magetsi tomwe timatha pang'onopang'ono zikakhala zaka osagwiritsidwa ntchito. Onjezanipo vairasi, kubedwa kwa foni ndi madzi osefukira monga a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mbale imadwala nthawi yaitali mukuiona, pomwe memori khadi imafa tsiku limodzi osatsanzika.

Komabe zamakonozi zili ndi mphamvu imodzi yomwe mbale ilibe. Nyimbo ya pa kompyuta mungathe kuikopera malo khumi osataya kanthu, pamene mbale ikasweka ndipo inali yokhayo, kwatha. Hugh Tracey, amene anajambula timbila za Achopi kumwera kwa dziko lino komanso nyimbo za m'midzi ya ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954. Zomwe anajambulazo tikuzimvabe lero chifukwa zinasungidwa mosamala, kenaka nkukoperedwa pa CD ndi pa kompyuta. Mau a Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, ndi a Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anamwalira mu 1995, sanapite nawo kumanda kaamba koti alipo anawajambula ndi kuwachulukitsa.

Mbale nazo sizinafe monga ambiri ankaganizira. Ku America, m'chaka cha 2022 zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokere 1987. Choncho amene muli nazo musazipereke kwa ana kuti aziseweretsa.

Langizo lathu kwa inu awerengi ndi ili. Ngati m'nyumba mwanu muli mbale kapena makaseti a makolo, zipukuteni ndi kansalu kofewa, ziikeni chilili pamalo ozizira ndi ouma, kenaka pezani wodziwa kuti akukopereni pa kompyuta. Zokoperazo zisungidwe malo awiri kapena atatu, kwina kwa mbale wanu wa mudzi wina, ndipo chakalecho musataye.

Bambo aja anabwerera kwawo ndi mbale zawo zonse pamodzi ndi memori khadi yomwe tinawaikiramo nyimbozo. Ina tinapatsa mdzukulu wawo wa ku Mocuba, ndipo yachitatu tasunga kuno ku wailesi.