Kumene Achokera Mafuta a m'Nkhokwe za ku Kanengo

Munthu wa ku Mgona kapena ku Area 25, amene tsiku ndi tsiku aona mathankala alikukhotera ku Kanengo, ngakhalenso mnyamata wa kabaza wa ku Chinsapo amene wachezera pamzere usiku wonse atatsamira njinga yake yamoto, ayenera kudziwa ichi poyamba: m'dziko la Malawi mulibe fakitale yoyengera mafuta a pansi pa nthaka. Petulo, dizilo ndi palafini zifika kuno zoyengeratu, zogulidwa ndi madola. Chathuchathu ndi ethanol yekha, wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene asakanizidwa ndi petulo.

Mafuta potuluka m'chitsime ali akuda bii ndi olemera, osayenera galimoto kapena koloboyi. Ntchito ya owayenga ifanana ndi ya amayi otcheza kachasu, pakuti iwonso awatenthetsa kufikira madigiri oposa 300, nalowetsa nthunzi yake m'nsanja yaitali yachitsulo. Ndipo pamene nthunziyo ikwera nizizira, dizilo asanduka madzi cha m'munsi, palafini pamwamba pake, za petulo pamwambanso, gasi natulukira pansonga, koma zotsalira zolemera, zimene zipatsa phula la m'misewu, zikhala pansi.

Abale athu a ku Zambia anaiyesa njira imeneyi yodziyengera okha mafuta, ndipo mbiri yao itiphunzitsa zambiri. Pamene Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia mwa yekha pa 11 November 1965, njira ya kummwera imene Zambia inalandirira mafuta inatsekeka, kotero kuti migolo inayamba kubwera pa ndege ndi pa malole mumsewu woipa wochokera ku Dar es Salaam. Chifukwa cha chisautso chimenecho Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anagwirizana kuyala mpope wa TAZAMA, wa makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufikira ku Ndola, umene unatsegulidwa mu 1968. Ndipo mu 1973 inayamba ntchito fakitale yoyengera mafuta ya Indeni ku Ndola komweko, imene boma la Zambia linamanga pamodzi ndi kampani ya ku Italy ya Agip, yokhoza kuyenga matani 1.1 miliyoni pa chaka. Inatumikira dzikolo zaka zoposa makumi anayi. Koma makina anakalamba, moto unaiononga mu 1999, ndipo koposa zonse, mafuta oti iyenge anali ogula kunja ndi madola omwewo. Potsiriza boma linaleketsa kuyengako, ndipo kuyambira mu 2023 mpope uja unyamula dizilo woyengeratu. Ndichifukwa chake ine sindivomerezana ndi iwo amene anena pamzere kuti tikadakhala ndi fakitale yathu sitikadavutika. Nthenda yathu ili pa ndalama zakunja, pakuti dziko logulitsa fodya, tiyi ndi shuga zochepa silingagule mafuta ochuluka, oyenga kapena osayenga.

Tsono mafuta athu atsika m'zombo pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, nabwera pa mathankala, ena pa sitima ya pamtunda ya ku Nacala. Oitanitsa aakulu ndi awiri: Petroleum Importers Limited, ya makampani ogulitsa mafuta, ndi NOCMA, kampani ya boma yokhazikitsidwa mu 2010, imene isunga nkhokwe za malita 60 miliyoni, 25 miliyoni ku Kanengo, 25 miliyoni ku Matindi ndi 10 miliyoni ku Sonda. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nkhokwezo zinamangidwa kuti dziko likhale ndi pogwira njira zikatsekeka, koma nkhokwe yopanda kanthu siipulumutsa munthu, ndipo nzika ili ndi ufulu wofunsa phungu wake kuti muli malita angati lero.

Mtengo suikidwa ndi mwini malo omwetsera mafuta, koma ndi bungwe la MERA, limene liyang'ana mtengo wa kunja, mphamvu ya kwacha ndi ndalama zonyamulira, ndipo lamulo lake ndilo kusintha mtengo pamene zimenezi zasuntha koposa 5 pa 100 iliyonse. M'lita iliyonse mulinso msonkho wokonzera misewu ndi wina wofikitsira magetsi kumidzi, kotero kuti mayi wa ku Kawale wokwera minibasi alikusonkha ngakhale alibe galimoto. MERA yomweyo ipereka ziphaso kwa ogulitsa, ndipo ili ndi mphamvu yotseka malo amene abisa mafuta, kapena kuthira m'zigubu za mavenda usiku anthu ali pamzere. Woona zotere akadandaule ku ofesi yake mu Lilongwe momwe muno, atalemba dzina la malowo, tsiku ndi ora.