Kamakina kouzira mpweya: kamadziwa bwanji kuti dalaivala wamwa?

Ana inu a ku Luwani, amene mudakwerapo minibasi pa msewu wa Mwanza kulowera ku Blantyre mukudziwa kuti pa Zalewa galimoto siingodutsa ayi. Pali rodibuloko. Matiraki ochokera ku Tete, minibasi, ngakhale njinga zamoto za kabaza, zonse zimachepetsa liwiro kuti apolisi aone. Amaona laisensi, matayala ndi katundu. Koma m'misewu ya dziko lino, makamaka nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, apolisi apamsewu nthawi zina amatulutsanso kamakina kokwana m'manja, kokhala ndi kapaipi, n'kuuza dalaivala kuti, "Bambo, tauzirani apa." Dzina lake ndi breathalyzer. Nanga mpweya wa m'kamwa ungaulule bwanji zimene munthu wamwa?

Mowa umayenda ulendo wotani m'thupi?

Nsima ikalowa m'mimba imatenga nthawi kuti igayike. Mowa sudikira zimenezo. Kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo, umadutsa msanga m'makoma a chifu ndi matumbo n'kulowa m'magazi. Mtima ukamapopa, mowawo umafika paliponse, ku ubongo ndi ku mapapo komwe. M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono tambirimbiri momwe magazi amatengera mpweya wabwino n'kusiya woipa. Pamenepo mowa wina umathawa m'magazi n'kutuluka ndi mpweya. Kamakina kaja kamayeza mowa wa mu mpweyawo, kenaka kamawerengera wotsala m'magazi. Munthu angatafune chingamu kapena kutsuka m'kamwa ndi mswachi, sizithandiza, chifukwa mowawo ukuchokera m'mapapo, osati pa lilime.

Kusamba madzi ozizira kapena kumwa tiyi wamphamvu nakonso sikuchotsa mowa. Ntchito imeneyo ndi ya chiwindi, ndipo chiwindi chimagwira pang'onopang'ono, kwa maola angapo. N'chifukwa chake amene wachezera kumowa akhoza kudzuka m'mawa mowa udakali m'magazi.

Sekondi imodzi ndi yaitali bwanji?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Pitani pabwalo la sukulu, muponde mapazi aakuluakulu 22, muone kutalika kwake. Tsono mbuzi ikadumphira mumsewu, kapena mwana akamawoloka pochokera kusukulu, maso a dalaivala ayenera kuona, ubongo uganize, phazi liponde buleki. Mowa umachedwetsa zonsezi. Akachedwa ndi sekondi imodzi, galimoto yadya kale mamita 22 aja. Choopsa china n'chakuti mowa umanamiza mwini wake. Amene wamwa amadziona ngati katswiri, amati, "Ine ndili bwinobwino, ndimayendetsa kuyambira kale." Ndiye lamulo silifunsa mmene munthu akudzimvera. Limafunsa nambala.

Nambala yake ndi iti?

Kuno ku Malawi lamulo la zapamsewu, Road Traffic Act la mu 1997, limaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera. Malire ake ndi magalamu 0.08 a mowa m'mamililita 100 a magazi. Wogwidwa angathe kukaonekera kukhoti la majisitireti, ndipo akapezeka wolakwa amalipira chindapusa kapena kupita kundende. Ngati wapha munthu pangoziyo, mlandu umakula kwambiri.

Maiko ambiri akutsitsa nambala imeneyi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti isapitirire 0.05. Ku South Africa malire ndi 0.05, koma kwa oyendetsa mabasi ndi matiraki ndi 0.02. Dziko la Scotland lidatsitsa kufika pa 0.05 mu 2014. Kwathu kuno, mu 2017 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yochepetsera mavuto obwera ndi mowa. Nawonso mowa wa m'masacheti, uja unkagulidwa ndi ndalama zochepa n'kubisidwa m'thumba la malaya, udaletsedwa.

Adayamba ndani?

Mu 1897 ku London, dalaivala wa takisi dzina lake George Smith adawomba nyumba ataledzera, ndipo amatchulidwa kuti ndi woyamba kumangidwa pa mlandu wotere. Masiku amenewo apolisi ankangodalira maso ndi mphuno. Kenaka ku America katswiri wina, Rolla Harger, adapanga makina omwe munthu ankauzira mpweya mu chibaluni. Mu 1954 Robert Borkenstein, yemwe ankagwira ntchito ku polisi ya Indiana, adapanga breathalyzer yosavuta kunyamula. Timakina ta lero ndi tidzukulu ta imeneyo.

Nanga mwana zikumukhudza chiyani?

Mwina mukuti, "Ife sitiyendetsa galimoto." Zoona, koma mumakwera ndipo mumayenda m'mbali mwa msewu. A WHO adanena mu 2023 kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ndi zimene zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29.

M'tinjira ta fumbi ta kumudzi mulibe rodibuloko, mulibe kamakina. Muli mphuno yanu ndi maso anu. Wakabaza akamanunkha mowa, akamalankhula lilime litalemera, kapena akamadzandira potsika njinga, musakwere. Ngati ndi achimwene kapena amalume, nenani mwaulemu kuti, "Malume, ine ndiyenda pansi," kenaka kauzeni amayi kapena aphunzitsi. Mwina mudzachita manyazi kukana munthu wamkulu. Koma paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.