Magazini ya Chingerezi imene inasunga mawu a agogo athu

Ku Chitala, thonje likathyoledwa ndipo mtedza ukalowa m'nkhokwe, madzulo ng'oma zimayamba kulira chakudambwe. Ana amathamangira m'makonde, amayi akumanga zitenje m'chiuno kuti akayimbire gule kubwalo. Ndi ochepa pabwalopo amene akudziwa kuti za gule ameneyu, za kuno kunyanja komwe, zinalembedwa kalekale m'Chingerezi, ndipo zili pa alumali ku Blantyre.

Zinalembedwa mu The Nyasaland Journal. Eni ake anali a Nyasaland Society, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1946, ndipo ambiri mwa iwo anali azungu a boma la atsamunda, amishoni ndi eni minda ya tiyi ndi fodya. Kope loyamba linatuluka mu 1948, ndipo magaziniyi inkatuluka kawiri pachaka. Munkakhala nkhani za mbiri, mbalame, nsomba za m'nyanja, miyambo ya mitundu, komanso ndemanga za mabuku atsopano onena za dziko lino. Dziko litalandira ufulu, dzina linasintha mu 1965 kukhala The Society of Malawi Journal.

Mmodzi mwa amene ankalembamo kwambiri anali W. H. J. Rangeley, mkulu wa boma la atsamunda. Mu 1949 ndi 1950 anasindikiza nkhani ya Nyau za m'boma la Kota Kota, kumene lero timati Nkhotakota, oyandikana nafe chakumpoto. Analembanso za Ayao ndi za Makololo amene anabwera ndi Livingstone.

Apa mpamene pamandigwira mtima. Rangeley sanalote zimenezi. Panali akuluakulu amene anakhala naye pamkeka, kumufotokozera mibadwo ya mafumu, njira zimene makolo anadzera, ngakhale zina zimene sizinenedwa kwa osameta. Iye analemba mosamala, ndipo tiyenera kumuyamikira, poti zambiri zikanapita kumanda pamodzi ndi eni ake. Koma mawuwo anachoka m'Chichewa n'kukakhala m'chinenero chimene owanenawo sankawerenga, ndipo dzina limene lili pamwamba pa nkhani ndi la wolembayo.

Laibulale ya bungwe la eni magaziniyi ili m'chipinda chapamwamba cha Mandala House, nyumba imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882.  Makope akale a magaziniyi akupezekanso pa intaneti, pa JSTOR, kwa amene ali ndi mwayi wolowamo.

Nanga mphunzitsi wa ku Chitala, amene akufuna kuuza ana a Sitandade 7 mbiri ya dera lawo? Blantyre ndi kutali, minibasi ndi ndalama, bandulo nayo ndi ndalama. Ine ndikanakonda aphunzitsi a m'mayunivesite athu, amene masiku ano amalembanso m'magaziniyi, asankhe nkhani za kunyanja kuno, azibwezere m'Chichewa, n'kudzaziwerenga pamaso pa mafumu ndi anamkungwi a ku Salima, kuti eni akewo anene pamene Rangeley anamva bwino ndi pamene anaphonya.